Mmene ndinatchingira mpira wa ku America ndi chipumi

Popeza kanema uja wondionetsa ndikumenya mpira ndi chipumi wazungulira kale pagulu la WhatsApp la Amalawi a kuno ku South Bend, mzinda wa ku America, ndipo ena mwa inu mwafika pomuikira nyimbo, ndi bwino mumve nkhaniyi kuchokera kwa mwini chipumi. Kochi wa timu ya mwana wanga anamva kuti kumudzi ndinkasewera kumbuyo, ndipo osafunsa kuti unali mpira wanji, anandipatsa ana osewera pa cornerback ndi pa safety, malo a otchinga kumbuyo pa mpira wa ku America, kuti ndiwaphunzitse kutchinga mipira yoponyedwa kutali.

Zonse zimene ndinawauza anawo zinali zolondola. Wotchinga amayamba ndi kubwerera chafutambuyo atawerama pang'ono, akusiya mpata wa mayadi angapo pakati pa iye ndi wolandira mpira, maso ali pachiuno cha mnzakeyo, chifukwa mutu ndi mapewa zimanamiza koma chiuno chimaloza kumene munthu akupitadi. Mpatawo ukachepa amatembenuka n'kuthamanga naye limodzi, ndipo amacheukira mpira pokhapokha atamupeza, makamaka akaona kuti wayamba kukweza manja. Akamukoka kapena kumukankha mpira usanafike, woimbira amaponya kansalu kachikasu ka mlandu wa pass interference. Wa pa safety ndinamuuza kuti asalole aliyense kumudutsa.

Vuto linabwera pamene kochi anati ndionetse chitsanzo. Anandisankhira kamnyamata ka zaka 11 kothamanga mopanda ulemu, iye n'kutenga mpira kuti aponye. Ndinabwerera chafutambuyo mwaluso, ndinatembenuka bondo likudandaula, ndipo kamnyamatako katakweza manja ndinacheuka pa nthawi yake yeniyeni. Mpira uja, wooneka ngati papaya wosongoka mbali zonse, unkabwera ukuzungulira bwinobwino, ndipo nzeru zanga zinauza manja kuti akwere. Manjawo anakana. Munthu amene wakula akukalipiridwa kuti wotchinga kumbuyo sagwira mpira m'bokosi sangasinthe tsiku limodzi, choncho manja anabisala kumsana, miyendo inadumpha, khosi linakungika, ndipo ndinaumenya ndi mutu, wopanda chisoti, pansonga pake penipeni.

Ndikukumbukira kuti ndili m'malere ndinali wonyada. Ndinayang'ana ngakhale kumene ndingautumize. Kenaka kunamveka phokoso limene makolo okhala kutsidya kwa bwalo akuti analimva, ndinaona nyenyezi dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndinapitiriza ulendo wanga wachafutambuyo, tsopano mosafuna, mpaka ndinakakhala pansi m'bokosi la ayezi mmene munali zakumwa za ana. Ndinakhalamo kanthawi ndithu, miyendo ili m'mwamba, poganiza kuti kudzuka msanga kungaonetse ngati sindinakonzekere. Chotupa chimene chinamera pachipumi chinali ndi mthunzi wakewake.

Amene mukuseka muyang'anenso kanemayo mofatsa. Kamnyamata kaja sikanagwire mpira, ine sindinakakhudze, ndipo mpira unagwa pansi, zimene m'malamulo awo ndi kupambana kwa wotchinga. Mwana wina anafunsa mwaulemu ngati nawonso azimenya ndi mutu, kochi n'kuyankha mofulumira kuposa mmene kunali kofunikira. Mwana wanga m'galimoto anangoti, “Adadi, mlungu wamawa mukhoza kungondisiya pageti.”

Ndikupitabe ndithu. Pakali pano andipatsa udindo wodula malalanje.