Lipoti la ulendo wa ku London: kwa Hendrix, Soho ndi Camden

A tcheya anati ndilembe ine lipotili kuti inu amene munatsala chifukwa cha mashifiti mumveko mmene tinayendera, ndiye mundipirire, ndilemba mmene ndikukumbukira. Tinanyamuka ku Manchester pa kochi kukadali mdima, a kwaya ndi anyamata a bandi tonse pamodzi, mandasi ndi mazira owiritsa zili m'zikwama monga mwa nthawi zonse. Za msewu palibe chokamba. Tinatsikira pa Victoria, sitima ya pansi mpaka Oxford Circus, kenako wapansi kulowa ku Mayfair.

Malo oyamba anali Brook Street. Nyumba ziwiri zogundana, nambala 23 ndi nambala 25, iliyonse ili ndi chikwangwani chake cha buluu pakhoma. Mu 25 munkakhala wolemba nyimbo George Frideric Handel kuyambira 1723 mpaka pamene anamwalira mu 1759, zaka 36 m'nyumba imodzi. Mu 23, kuzipinda za pamwamba, munakhala katswiri wa gitala wa nyimbo za rock Jimi Hendrix mu 1968 ndi 1969, lendi yake mapaundi 30 pa sabata, amayi a msungichuma atamva anangoti mmm, tikanakhala nthawi imeneyo bwenzi tonse tili ku Mayfair kkkk. Zipinda za Hendrix anazitsegulira anthu mu 2016 ndipo chipinda chogona anachikonza potengera zithunzi za nthawiyo, nsalu zamaluwamaluwa, bedi, telefoni yakale, ndiye mbali ina anaika mbale za nyimbo zimene ankamvera. Masitepe ake ndi opanikiza, a mvano athu anakwera akupumira m'njira.

Mkangano woti oimba amene anafa ali achichepere akanakhala moyo akanatani unayambira pamenepo pa mbale. Hendrix atamva kuti kuseri kwa khoma lomwelo kunkakhala Handel anakagula mbale za nyimbo zake, zimenezi zinasangalatsa a kwaya kwambiri poti Aleluya uja timalimbana naye pa Khrisimasi ndi wa mu Messiah, ndipo Handel analemba Messiah m'nyumba yomweyo mu 1741 ali ndi zaka 56. Mphunzitsi wathu wa kwaya ndi amene anawerengetsera mokweza, akuti taonani, Handel akanafa ali ndi zaka 27 ngati Hendrix bwenzi Aleluya kulibe. Hendrix anabadwa mu 1942 ku Seattle, anamwalira pa 18 September 1970 ku Notting Hill, atamwa mankhwala ogonetsa n'kutsamwa ndi masanzi ali mtulo. Ku London anafika mu September 1966 asakudziwika, ataimbira kumbuyo anthu ngati Little Richard ndi a Isley Brothers kwawo ku America. Ndiye kuti kutchuka kwake konse kumene timakamba ndi zaka zinayi basi, ndi zimbale zitatu za mu situdiyo zimene anatulutsa ndi gulu lake la Experience.

Mnyamata wathu wa lidi gitala, amene amaimba ndi dzanja lamanzere ngati Hendrix yemweyo ndipo sasiya kutikumbutsa, anati munthuyu akanakhala moyo akanalowa mu jazi, palibe kukaika. Apa ine ndimagwirizana naye chifukwa si maloto chabe, zinthu zinali zitayamba kale kuoneka. Ankacheza ndi Miles Davis, panali dongosolo loti ajambule ndi Gil Evans, onsewa akatswiri a jazi, ndipo Evans anadzatulutsa chimbale cha nyimbo za Hendrix ndi gulu lake lalikulu la malipenga mu 1974 mwini wake kulibe. Chachikulu kwa ine ndi situdiyo. Anathira ndalama zambiri kumanga Electric Lady ku New York, anaitsegula mu August 1970, patangopita masabata ochepa iye n'kumwalira, situdiyoyo mpaka lero ikugwira ntchito, akujambuliramo ena. Munthu amene wamanga situdiyo yakeyake ndiye kuti watopa ndi kuthamangitsidwa pa wotchi ya eni ake, akufuna kukhala pansi n'kumayesa zinthu usiku wonse. Kwa ine zimene zinatayika ndi zimenezo, osati kuotcha gitala pa siteji kuja anthu amakonda kuonera pa YouTube.

Koma a bambo a bezi sanavomere, akuti inu mukuwakometsa anthuwa chifukwa sanakalambe. Akuti onani Brian Jones, ndi iye anayambitsa Rolling Stones, koma pamene ankamira mu dziwe losambira kunyumba kwake mu July 1969, nayenso ali ndi zaka 27, anzake anali atamuchotsa kale m'gulu chifukwa sankathanso kugwira ntchito. Akanakhala moyo ndani akudziwa, mwina akanangokhala mdala wina wodandaula m'mabala kuti bandi ija inali yanga, pamene Mick Jagger akudumphabe pa siteji atadutsa zaka 80. Anawatchula onse pa zala, Janis Joplin October 1970, Jim Morrison ku Paris 1971, Kurt Cobain 1994, onse 27, ndipo mayi wina anayamba zoti nambala imeneyi ili ndi zake, a abusa anangomuyang'ana nkhani n'kuthera pomwepo. Pa nambala palibe za matsenga abale, mukaona bwino ambiri mwa iwo nkhani yake ndi mowa, mankhwala, maulendo osapuma ndi anthu owazungulira amene amadyera pa iwo.

Tinadutsa Regent Street kulowa Soho kukaona Ronnie Scott's pa Frith Street, pamene Hendrix anaimba komaliza pagulu, anangokwera pa siteji kuthandizana ndi Eric Burdon ndi gulu la War, kutatsala masiku awiri kuti amwalire. Masana panali potseka, tinajambulitsa pakhomo basi.

Ku Camden tinafika njala itatipweteka ndipo zakudya za mu msika umo mitengo yake musandifunse. Chiboliboli cha Amy Winehouse chili mu Stables Market, anachiika mu 2014, n'chachifupi, chili pansi pomwepo pamene anthu akudutsa moti mutha kuchiphonya pakapanda gulu la ojambulitsa. Iyeyu sanali wa rock kwenikweni, anali wa soul ndi jazi, koma naye anamwalira ali ndi zaka 27 pa 23 July 2011 kunyumba kwake ku Camden Square, chifukwa cha mowa wochuluka m'thupi. Zimbale ziwiri zokha, ma Grammy asanu usiku umodzi mu 2008. Atsikana a soprano anakumbutsa kuti chojambula chake chomaliza anaimba ndi Tony Bennett ku Abbey Road chaka chomwecho, ndipo Bennett anakhala mpaka zaka 96. Ndiye mungoganiza mawu a Amy aja atakhwima, akuimba nyimbo zakale za jazi mosathamanga ali mayi wa zaka 50. Apa ngakhale a bezi anangoti zoona.

Zokoma zinadza pobwerera mu kochi. Achimwene athu a ku Chipata, amene tsiku lonse anali chete, anati inu mukufunsa kuti akanakhala moyo akanatani, yankho lili kwathu ku Zambia. M'zaka za m'ma 1970 kunali rock yeniyeni, Zamrock, anyamata omvera Hendrix yemweyo, Paul Ngozi amene anamwalira mu 1989, ndi gulu la WITCH. Anzake oyamba a mu WITCH anatha, koma woimba wawo Jagari Chanda anatsala, ndipo kutsalako sikunali kukwera siteji ayi, anaphunzitsa kusukulu, anakakumba miyala yamtengo wapatali zaka zambiri dziko litamuiwala. Kenako mbale zakale zija zinatulutsidwanso kunja, anthu anamufunafuna, anayambiranso kuzungulira Europe ndi America ndipo mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano atadutsa zaka 70. Achimwene akuti moyo wautali wa woimba umakhala choncho, chilala kaye, mvula pambuyo, ndipo sitingadziwe ngati Hendrix kapena Cobain akanapirira zaka za chilalazo.

Kumbuyo kwa kochi wina anatchula Evison Matafale, anamwalira mu November 2001 ali m'manja mwa apolisi, atangotulutsa zimbale ziwiri za Kuimba, ndipo Ma Blacks anapitiriza dzinalo ku Chileka mpaka lero. Zikatero mukudziwa kale, foni ya wina inayamba kulira, kochi yonse kuimba, dalaivala anatipempha kuti titsitseko pang'ono.

Za ndalama amayi a msungichuma adzafotokoza pa prakatisi Loweruka, alipo amene sanamalize za tiketi ya kochi, mukudzidziwa nokha. A bandi apempha kuti ulendo wotsatira ukhale wa ku Liverpool poti ndi pafupi, a kwaya akufuna kukamvera Messiah yonse ikuimbidwa mu December, tidzavota pomwepo.