Zaka 10 tikukolopa maofesi a mu Lusaka

Chaka chino kampani yathu yoyeretsa maofesi yakwanitsa zaka 10 chilembetsereni ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, ndipo mwezi wathawu tamaliza kubweza ngongole ya makina opukutira pansi. Tinayamba mu 2015 ndi amayi anayi, ndowa, mamopu ndi kasitomala mmodzi ku Rhodes Park. Lero magulu athu ali ku Longacres, ku Kabulonga, ku Mass Media, mu Cairo Road ndi kumafakitale a ku Chinika. Koma chimene timanyadira kuposa zonsezi n'chakuti pa zaka zonsezi palibe wantchito wathu amene anabwerera kunyumba chimanjamanja tsiku lolandira, chifukwa choti kasitomala wachedwa kutilipira.

Za ntchito ya tsiku ndi tsiku sitichulutsa mawu. Anthu athu amanyamuka ku Chawama, ku Kanyama, ku Mtendere ndi ku Matero kusanache, ndipo abwana akamafika 8 koloko amapeza pansi pouma, mabini opanda kanthu ndi zimbudzi zoyera. Kukolopa sikovuta. Chimene chimagwetsa makampani ang'onoang'ono ngati athu ndi masamu a mtengo, komanso nthawi imene imadutsa pakati pa tsiku lolipira antchito ndi tsiku limene ndalama za kasitomala zimalowa ku banki.

Tiyambe ndi mtengo, chifukwa ambiri amatifunsa kuti bwanji koteshoni yathu imaposa ya ena. Kuyambira mu Januwale 2024, malipiro oyambira a woyeretsa sayenera kuchepera K1,487 pamwezi. Pamenepo pamabwera 30 peresenti ya nyumba, yomwe ndi K446.10, kenako K200 ya mayendedwe ndi K180 ya chakudya cha masana. Zonse pamodzi ndi K2,313.10. Wolemba ntchito amawonjezeranso 5 peresenti yake ya NAPSA (thumba la penshoni) ndi 1 peresenti ya NHIMA (inshuwalansi ya zaumoyo), kupatula zimene amadula kwa wantchitoyo. Lamulo la ntchito la mu 2019 limati wantchito wa kontirakiti ya nthawi yaitali alandire gratuity, ndalama ya pamapeto pa kontirakiti, yosachepera 25 peresenti ya malipiro oyambira kontirakitiyo ikatha, ndiye mwezi uliwonse pafunika kusunga pambali pafupifupi K372 pa munthu mmodzi. Apa tadutsa kale K2,800, tisanagule yunifolomu, magambuti, magolovesi, sopo ngakhale mopu imodzi. Sitinawerengere za Workers' Compensation (thumba la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito), za kapitawo woyendera magulu, ndi za munthu wogwirira m'malo mwa amene ali pa tchuthi, poti wantchito aliyense amapeza masiku awiri a tchuthi pa mwezi uliwonse umene wagwira.

Ndiye mukalandira koteshoni ya K2,000 pa woyeretsa mmodzi, sopo ndi zida zili momwemo, dziwani kuti pali wina amene akuberedwa. Kawirikawiri ndi mayi amene akukolopa pansi pa tebulo lanuyo. Mwina akulandira theka, mwina amamudula ya NAPSA koma osaipereka, ndipo adzazindikira tsiku lokaona akaunti yake. Tenda zambiri zatidutsa chifukwa chokana kutsika mpaka pamenepo, ndipo sitidandaula nazo.

Tsopano ulendo wa invoisi. Amene sanagulitsepo kanthu ku kampani yaikulu amaganiza kuti ukagwira ntchito umalandira. Zimayenda chonchi: mumapereka koteshoni, a procurement (ogula zinthu za kampaniyo) amatulutsa LPO, pepala loitanitsira ntchitoyo, mumagwira ntchito mwezi wathunthu, woyang'anira ofesi amasaina pepala lotsimikiza kuti ntchito yagwiridwa, kenako mumalemba invoisi. Invoisiyo imadutsa kwa a procurement, imapita ku akaunti, imadikira tsiku limene kampaniyo imalipira ogulitsa ake, ndipo pomaliza imafuna anthu awiri osaina ku banki. Pamalo paliponse pamenepa ikhoza kuima. Nambala ya LPO ikasowa pa invoisi, imabwezedwa. TPIN (nambala ya msonkho) ya kasitomala ikalakwika nambala imodzi, imabwezedwa. Tax clearance, chikalata chochokera ku bungwe la misonkho la ZRA chosonyeza kuti za misonkho yanu zili bwino, ikakhala kuti yatha nthawi, palibe amene aigwire n'komwe. Ikafika tsiku limodzi pambuyo poti atseka mndandanda wa mwezi umenewo, idikira mwezi wotsatira. Wosaina mmodzi akapita ku msonkhano ku Siavonga kapena ku Livingstone, ndi sabata inanso. Masiku 30 olembedwa mu kontirakiti amasanduka 60, nthawi zina 90.

Pamene mukudikirapo, zolipira zanu sizidikira. Antchito alandire mwezi ukatha. NAPSA, NHIMA ndi PAYE (msonkho wa pa malipiro a antchito) zikhale zitalowa pofika pa 10 mwezi wotsatira, ndipo chindapusa cha NAPSA chimakwera mwezi ndi mwezi. Kwa olembetsa VAT, msonkho wa pa malonda, 16 peresenti yake imafunika pofika pa 18, ngakhale kasitomala asanapereke ngwee imodzi, chifukwa msonkhowo umawerengedwa pa invoisi imene mwatulutsa. Chibwerereni Smart Invoice, njira ya pa kompyuta yolembera mainvoisi, mu 2024, invoisi iliyonse imaoneka ku ZRA pomwe mwailembapo. Kunena zoona, kampani yaing'ono imakhala ikukongoza kampani yaikulu miyezi iwiri kapena itatu popanda chiwongoladzanja.

Sitikunena izi poda anthu a ku akaunti. Ambiri mwa iwo amagwira ntchito mopanikizika, ali ndi mainvoisi mazana pa tebulo, odita ali pakhomo, ndipo malamulo sanawapange ndi iwo. Ife tinaphunzira kuwapeputsira ntchito. Invoisi yathu imapita pa 25, LPO, pepala losainidwa ndi tax clearance zitamangidwa pamodzi, ina pa imelo ina pamanja, ndipo wolandirayo amadinda ndi kulemba tsiku pa kope lathu. Kasitomala watsopano aliyense timamufunsa tsiku loyamba lomwe kuti amatseka liti mndandanda wa zolipira ndiponso amasaina ndani.

Nthawi yowawa kwambiri inali 2020. Matenda a Covid-19 atalengezedwa m'dziko muno mu Malichi, maofesi anauza antchito awo kuti azigwirira kunyumba. Makasitomala ena anadula masiku athu pakati, ena anaimitsiratu kontirakiti ndi kalata ya mizere itatu. Kasitomala wathu wamkulu, amene ankabweretsa pafupifupi theka la ndalama zonse, anangokhala chete ndi mainvoisi a miyezi inayi. Chaka chomwecho kwacha inagwa kuchoka pa K14 mpaka kudutsa K20 pa dola imodzi, ndipo popeza mankhwala ambiri oyeretsera ndi magolovesi zimachokera kunja, mitengo ku Kamwala inkasintha sabata ndi sabata.

Tinapita ku banki ina ndi mainvoisi osainidwa, makontirakiti ndi mbiri ya zaka zisanu za akaunti yathu ili m'manja mwawo momwemo. Anatiuza kuti popanda taitolo ya nyumba sangatithandize. Banki yomweyo lero imatiimbira kutifunsa ngati tikufuna ngongole. Wa kaloba wina anati pa K10,000 iliyonse imene atipatse tibweze K13,000 mwezi ukatha, ndipo anafuna buku la galimoto kukhala chikole. Ngongole yotere siingabwezedwe ndi bizinesi imene imadikira masiku 90 kuti ilandire, choncho tinakana. Galimotoyo tinaigulitsa tokha, zida tinayamba kunyamula pa minibasi, ndipo zotsala anatikongoza ndi amayi a gulu lathu losunga ndi kukongozana ndalama la village banking, pa chiwongoladzanja chimene munthu angapume nacho. Antchito tinakhala nawo pansi, tinawaonetsa mabuku, ndipo tinagwirizana zosinthana masiku kuti pasakhale wochotsedwa. Aliyense analandira za masiku amene anagwira, pa tsiku lake.

Chimene chinatidzutsa ndi ntchito yopopera mankhwala ophera tizilombo m'maofesi momwe mwapezeka wodwala. Apanso panali phunziro. Wogulitsa wina, amene tinkamukhulupirira zaka zambiri, anayamba kutibweretsera zigubu za malita 20 za mankhwala a klorini zosungunula ndi madzi koma chizindikiro chili chomwecho. Anazindikira ndi mayi wina wa gulu la ku Longacres, amene anaona kuti nsalu sizikuyera ndipo fungo lachepa. Bambo inu, ngati mukuwerenga, dziwani kuti munkaseweretsa miyoyo ya anthu pa nthawi ya mliri. Kuyambira pamenepo chigubu chilichonse timachiyeza ndi timapepala toyezera klorini tisanalipire.

Nkhani ya klorini tiifotokoze bwino, popeza kolera imabwerabwera mu Lusaka, ndipo tonse tikukumbukira National Heroes Stadium itasanduka chipatala kumayambiriro kwa 2024. Jik wa m'masitolo amakhala ndi mphamvu ya 3.5 peresenti. Popukuta matebulo, zogwirira zitseko ndi mipopi pa nthawi ya kolera pamafunika 0.2 peresenti, kutanthauza kapu imodzi ya Jik pa makapu 16 a madzi. Amene amagwiritsa ntchito klorini yaufa ya HTH aike magalamu 30 m'malita 10. Pamene wina wasanza kapena kutsegula m'mimba pamafunika 2 peresenti, yomwe ndi magalamu 30 pa lita imodzi, ndipo amasiya mphindi zingapo asanapukute. Madzi osungunulawa apangidwe tsiku lomwelo ndipo asakhale padzuwa, chifukwa mphamvu imatha. Jik asasakanizidwe ndi mankhwala a asidi otsukira chimbudzi, chifukwa pamatuluka mpweya wa poizoni, ndipo m'chimbudzi chaching'ono chopanda zenera munthu akhoza kukomoka. Nsalu zathu zili ndi mitundu: yofiira ya kuchimbudzi, yobiriwira ya kukhitchini, yabuluu ya matebulo. Yofiira ikapezeka kukhitchini, kapitawo amayankha mlandu.

Chaka cha 2024 chomwecho chilala chinatsitsa madzi ku Kariba, ndipo malaiti ankazima mpaka maola 21 patsiku. Ofesi zambiri zinali ndi jenereta yokwanira makompyuta ndi magetsi a m'denga, koma osati pampu yokweza madzi ku thanki. Pofika masana zimbudzi za m'mwamba zinalibe madzi. Tinagula migolo ya malita 210, tinkaidzaza usiku malaiti akabwera, ndipo tinasintha nthawi yogwiritsa ntchito makina kuti igwirizane ndi ndandanda ya ZESCO. Kumene chikepe chinaima, amayi ankakweza ndowa pa masitepe. Makina a batire amene tamaliza kulipirawa tinawagula chifukwa cha chaka chimenecho.

Pa zonsezi tinaikapo malamulo athu. Palibe kasitomala mmodzi amene aziposa gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zathu. Malipiro a miyezi iwiri amakhala mu akaunti yapadera imene sitiikhudza, ndipo ya gratuity ili ndi akaunti yakeyake. Ntchito ya kamodzi, monga kuyeretsa nyumba yongomangidwa kumene, timayamba talandira theka. Invoisi ikafika masiku 60 timalemba kalata, ndipo ikapanda kuyankhidwa timaimitsa ntchito mwaulemu.

Mutu umodzi susenza denga, ndiye tithokoze. Choyamba amayi anayi oyamba aja, amene atatu mwa iwo tsopano ndi akapitawo: zikomo amayi, kampani ino ndi manja anu. Zikomo achinyamata a gulu la mawindo ndi makapeti, amene mumagwira Loweruka anzanu akupuma. Zikomo amayi a village banking amene munatikhulupirira pamene banki inatikana. Zikomo kwa mlongo wathu wa ku akaunti ku kampani ina ya ku Kabulonga, amene amatiimbira yekha invoisi ikakhala ndi cholakwika m'malo moibisa pansi pa mafailo. Zikomo alonda a pageti amene mumatsegulira anthu athu m'bandakucha, ngakhale m'nyengo yozizira ya Juni. Zikomo amalonda a ku Kamwala amene munatipatsa katundu pa ngongole mu 2020 osasintha mtengo titagwirizana kale. Zikomo makasitomala amene munapitiriza kulipira theka la kontirakiti maofesi anu ali otseka, ponena kuti amayiwa nawonso ali ndi ana. Abale athu kunyumba, amene munapirira galimoto itagulitsidwa, ndi ampingo amene munatipempherera, Mulungu akudalitseni nonse.

Ngati ofesi yanu, sukulu, kiliniki kapena nyumba yosungira katundu ikufuna oyeretsa, tiitaneni tidzaone malo. Kuyendera n'kwaulere. Timayeza kukula kwa pansi, timawerenga zimbudzi ndi anthu ogwiritsa ntchito malowo, timafunsa za madzi ndi jenereta, kenako koteshoni imakufikani pasanathe masiku awiri, yolembedwa mzere ndi mzere kuti muone ndalama ya wantchito, ya msonkho, ya zida ndi phindu lathu. Timayeretsa tsiku ndi tsiku, timatsuka makapeti, mipando ndi mawindo, timapukuta matailosi ndi makina, ndiponso timayeretsa nyumba zongomangidwa kumene. Mapepala a PACRA, ZRA, NAPSA, NHIMA ndi Workers' Compensation timawapereka limodzi ndi koteshoni, ndipo muli ndi ufulu wopempha risiti ya NAPSA ya mwezi uliwonse ya anthu amene akugwira pamalo panu. Pokondwerera zaka 10, aliyense wosaina kontirakiti ya chaka chathunthu chisanathe chaka chino timutsukira makapeti ndi mipando ya mu ofesi kamodzi kwaulere.