Kamphira kamodzi kandidyera masiku atatu

Yalira! Thirakitala yanga ija, Massey Ferguson (MF) 135, yalira m'mawa uno nditangopotokola kiyi kamodzi, chonsecho yagona usiku wonse osaigwira.

Mavuto anayamba nditasintha fyuluta ya dizilo. Ndikatulutsa mpweya m'mapaipi a dizilo, injini inkalira bwinobwino tsiku lonse. Kukacha, sitata inkangozungulira mpaka batire kufooka, ku ekizozi osatuluka ngakhale kautsi. Pamenepo ndikanadziwiratu, chifukwa utsi ukasoweratu ndiye kuti mafuta sakufika m'masilinda. Koma ine ndinathamangira Thermostart, kachipangizo kotenthetsa kothandiza injini kulira kukazizira, tsiku lonse n'kuthera pa mawaya omwe analibe mlandu.

Tsiku lachiwiri ndinachotsa kampopi ka pansi pa thanki n'kutsuka kasefa kake, kenako ndinayamba kukayikira lift pump, pampu yokoka dizilo kuchokera m'thanki. Kachogwirira kake kopopera ndi dzanja kankangopita pansi kopanda mphamvu, ndipo ndinatsala pang'ono kugula ina. Osapupuluma, anzanga. Injini ikaima cam (kachitsulo kozungulira koyendetsa pampuyo) itakankha kale mkono wa pampuyo, kachogwirirako sikapopa. Ndinazunguza injini kamodzi, kanayamba kupopa. Ndiye ndinabwerezanso mwambo wathu uja wotulutsa mpweya: kumasula kabawuti ka pamutu wa fyuluta, tiwiri ta pa pampu ya CAV (yotumiza dizilo ku ma injekita), kenako kumasula manati a mapaipi ku ma injekita mpaka thovu lithe. Ndachita zimenezi kangati sabata ino? Manja akununkhabe dizilo.

Chinandipulumutsa ndi kapaipi ka pulasitiki koonekera mkati, kamene kanatsala nditakonza jenereta chaka chatha. Ndinakaika pakati pa fyuluta ndi pampu ya CAV n'kukagona. M'mawa ndinapeza mpweya wautali ngati chala uli phee m'kapaipimo.

Nditamasula fyuluta n'kuunika ndi tochi m'ngalande ya kumutu kwake, ndinaona manyazi anga. Mphira yakale yotseka fyuluta inakanirira momwemo, yakuda, youma gwa, yofanana ndi chitsulo chenichenicho, ndipo yatsopano ndinaisanjika pamwamba pake. Usiku dizilo ankadontha pang'onopang'ono, mpweya n'kumalowa m'malo mwake. Kunyowa kwa m'mbali mwa fyuluta ndinkakuona tsiku lililonse, koma ndinkati ndi mafuta otayika potulutsa mpweya. Mphira yakaleyo ndinaikolowola ndi kawaya kopinda, inatuluka zidutswa zitatu. Polimbitsa bawuti ya pakati sindinakakamizenso ngati poyamba paja.

Injini ya Perkins ya masilinda atatu imeneyi, ya AD3.152, siinyada. Mathirakitala amenewa anasiya kupangidwa kalekale, koma ukaipatsa dizilo woyera wopanda mpweya ndi batire yamphamvu, imadzuka osanyinyirika.

Kautsi koyera kakuonekabe ikangolira kumene, ndiye ma injekita ndikawayezetsa tsiku lina. Mawaya onse ndikufuna kuwasintha, mabuleki akudikira, ndipo ndayamba kulakalaka kuiphwasula yonse ndiipake utoto mvula isanayambe. Kapaipi koonekera kaja ndikasiya kaye pomwepo sabata imodzi, sindinaikhulupirire kwenikweni.