Sabata yofunafuna chithunzi cha malemu

Ndakhala ndikujambula zithunzi pa Chitakale kwa zaka zoposa khumi, koma masiku ano nthawi yomwe ndimagwira kamera ndi yochepa poyerekeza ndi yomwe ndimakhala pa laputopu, kusamutsa zithunzi kuchoka m'chipangizo china kupita m'china. Lolemba m'mawa ndinakopera zithunzi 640 za chinkhoswe chomwe ndinajambula ku Luchenza, kuchokera pa memore khadi kupita pa laputopu, kenako pa hard drive yomwe imagona kunyumba. Khadiyo sindiifufuta ndisanatsegule zithunzi zingapo m'malo onse awiri, pakuti chaka china ndinataya zithunzi za ukwati wonse chifukwa chofulumira, ndipo banja limenelo mpaka lero limandipatsa moni wa kumbali.

Ntchito yeniyeni ya sabatayi inafika Lachiwiri. Mayi wina wachikulire wochokera cha ku Chonde analowa ndi mdzukulu wake wamkazi, yemwe anali atagwira foni.

"Mwanangu, Loweruka tikuvundukula chiliza cha malemu bambo akunyumba, ndiye ndikufuna munditsukire chithunzi chawo chachikulu choti abale akachione," anatero mayiwo.

Pa foni chithunzicho chinkaoneka bwino ndithu, koma nditachiika pa laputopu ndinapeza kuti chinali cha 70 KB chabe. Mdzukuluyo anavomera kuti anachita kujambula sikirini pomwe wachibale wina anachiika pa status. Apa ndi pomwe makasitomala ambiri samandimvetsa: WhatsApp imachepetsa chithunzi chikatumizidwa mwa nthawi zonse kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo wina akachijambulanso pa sikirini, chomwe chimatsala ndi chithunzithunzi cha chithunzicho. Chikanatsukidwa pa pepala la A3, nkhope ya malemu ikanangokhala timabokosi. Ojambula ena akanalandira ndalama n'kutsuka chomwecho, koma ine ndinaona kuti pa mwambo wa chiliza zimenezo n'zochititsa manyazi.

"Mayi, kodi anawajambula ndani bambowa?" ndinafunsa.

Zinadziwika kuti anali mphwake wa malemu, yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo anawajambula ndi iPhone atabwera kudzadya Khirisimasi. Tinamuimbira pomwepo. Iye anatumiza msangamsanga, koma anatumiza mwa nthawi zonse, choncho chinafikanso chitachepa. Ndinamufotokozera kuti achitumize ngati document, chifukwa njira imeneyo imapereka fayilo yonse monga momwe kamera inaijambulira, ndipo analonjeza kuti ayesa akaweruka.

Lachitatu kunagwa chiperoni, phiri la Mulanje silinaoneke tsiku lonse, ndipo magetsi anabwera dzuwa litapendeka. Fayilo ija inalowa madzulo, koma laputopu yanga inakana kuitsegula. Mafoni a iPhone kuyambira mu 2017 amasunga zithunzi mu mtundu wa HEIC, womwe makompyuta akale a Windows sawerenga popanda pulogalamu yowonjezera. Nditaisintha kukhala JPEG ndinapeza chithunzi cha madontho 4032 m'litali ndi 3024 m'lifupi, chokwanira bwino lomwe.

Lachinayi kunabwera mnyamata wina wa ku Likhubula yemwe amaperekeza alendo kuphiri. Foni yake inali itadzaza ndi zithunzi za Chambe, Lichenya ndi Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija, ndipo zithunzi zimenezi ndi zomwe amakopera nazo alendo atsopano. Ankadabwa kuti Google Photos inaleka kukweza zithunzi zake, osadziwa kuti malo aulere ndi 15 GB yokha, yomwenso imagawidwa ndi Gmail komanso Drive. Choopsa n'chakuti anali atayamba kufufuta zithunzi mkati mwa pulogalamuyo poganiza kuti zitsala pa intaneti, pomwe kutero kumachotsa mbali zonse ziwiri.

"Achimwene, ndiye kuti za mwezi watha zapita?" anafunsa nkhope itagwa.

Mwamwayi zinali zikadali m'bini ya pulogalamuyo, momwe zofufutidwa zimayamba zasungidwa, ndipo tinazibweza. Zonse tinazikoka ndi chingwe n'kuziika pa fulashi, m'mafoda olembedwa chaka ndi mwezi, chifukwa kuzikweza pa intaneti kukanadya bandulo yoposa phindu lake la sabata.

Lachisanu ndinakwera minibasi yoyamba kupita ku Limbe, komwe ndimatsukitsa zithunzi zikuluzikulu, fayilo ili pa fulashi komanso pa foni kuopera kuti china chingakane. Pobwerera ndinapeza mayi aja akudikira pakhonde la situdiyo ndi mdzukulu wawo. Anachilandira ndi manja awiri, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali osalankhula, kenako analoza kachipsera komwe kanali pamwamba pa diso la malemu, komwe pa chithunzi choyamba chija sikankaoneka n'komwe.

"Aka anakatenga akudulira tiyi ali mnyamata," anatero.

Asananyamuke ndinapempha foni ya mdzukuluyo, ndinaikamo fayilo yonseyo kudzera pa chingwe, ndipo ina ndinaisunga pa hard drive m'foda ya dzina la mudzi wawo. Zithunzi za chinkhoswe cha ku Luchenza zija ndinayamba kuzisankha usiku wa tsiku lomwelo, eni ake atandiimbira kale kachitatu.