Kagalimoto koyera kamene kanagona pagalaja masiku anayi

Lolemba m'mawa ndisanamalize n'komwe tiyi, pageti pa galaja yathu ku Biwi panaima kagalimoto koyera kali pachingwe, kakukokedwa ndi pikapu. Mwini wake, bambo wa tayi pakhosi, anatsika thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kusanakwane 8 koloko. Mukudziwa mmene dzuwa la Okutobala limaswera mtengo muno mu Lilongwe.

"Amisiri, ndatopa nayo," anayamba choncho moni asanapereke. "Tsiku lina ilira bwinobwino, tsiku lina ndikadina batani, zii. Anandiuza kuti ndi sitata, ndagula ina, koma matenda ndi omwewo."

Mawu amenewa ndimawamva pafupifupi mwezi uliwonse. Galimoto zimene zadzaza m'misewu mwathumu, ma Vitz, ma Passo, ma Note, ma Fit, ma Demio, zimachokera ku Japan zitayendako kale, n'kutsikira padoko la Dar es Salaam, kulowa pa Songwe. Zambiri mwa izo n'zoliza ndi batani, pamene ambirife tinaphunzira ntchito pa galimoto za kiyi wopotokola. Pa zakalezo ukapotokola kiyi, moto umapita kusitata mosakhotakhota, ndiye ikakana kulira, kukayikira sitata sikunali kulakwa kwenikweni. Ya batani ndi ina. Ukadina umangopempha, woyankha ndi kompyuta, ndipo isanalole imayamba yafunsa: kiyi ali m'kati muno? Buleki yapondedwa? Giya ili pa P kapena N? Chiwongolero chamasuka? Batire lili ndi mphamvu? Funso limodzi likangoyankhidwa molakwika, sitata silandira kanthu, ikhale yatsopano kapena yakale.

N'chifukwa chake ine sindithamangira sipanala. Ndimayamba ndatchera khutu. Ikamachita ta-ta-ta mofulumira magetsi a padashibodi akuphethira, batire lafooka kapena matemino adyeka. Ikagogoda kamodzi kokha, kho, ndiye ndimayang'ana sitata ndi mawaya ake akuluakulu. Koma dashibodi ikayaka bwinobwino, wailesi n'kumaimba, injini n'kungoti chete, ndiye kuti kompyuta yakana, apo ayi uthenga wake watayika panjira.

Ndinayeza batire, mavolti 12.5, labwino ndithu. Ndinakhala pampando, kuponda buleki, kagetsi ka pabatani kanasanduka kobiriwira, ndinadina, injini inalira nthawi yomweyo ngati yakufakitale. Bambo aja anangogwira pakamwa.

"Yaona dokotala, yachira," anatero mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito, ndipo ndinamuyang'ana ndi diso loti akhale chete.

Tinailiza kakhumi, kakhumi konse inalola. Palibe matenda ondisowetsa tulo ngati obwera n'kumapita, chifukwa chinthu chikugwira ntchito suchipeza polakwika. Ndinawapempha aisiye. Anavomera monyinyirika, n'kukakwera minibasi.

Lachiwiri linali la tizinthu ting'onoting'ono. Chakumasana anandiimbira mayi wina amene ndimawakonzera galimoto, ali pamalo oimikapo magalimoto pasitolo ina mtawuni. Mawu ali njenjenje, akuti galimoto yakana kulira, anyamata olondera magalimoto azungulira kale ndipo akufuna aikankhe.

"Mayi, auzeni asiye. Ya otomatiki silira ndi kukankha, angokugwetserani mu ngalande. Padashibodi pakuoneka chiyani?"

"Kachithunzi ka kiyi."

"Chitseko munatsekula bwanji?"

"Rimoti inavutavuta, ndinadina kangapo."

"Pondani buleki, mutenge rimotiyo muigunditse pabatani penipenipo. Ikalira kabelu, dinani."

Ndinamva injini ikulira pafoni, kenako kuseka. Chimachitika n'chakuti m'rimoti muli kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo, nthawi zambiri CR2032, ndipo kakatha galimoto simumvanso kiyi patali. Koma kuzungulira batani kuli koyilo imene imadzutsa kachipu ka m'kiyi popanda batire, bola zikhale zogundana. Opanga galimoto anaziika dala ndipo zinalembedwa m'buku la galimoto, kungoti mabuku ake amabwera m'Chijapanizi, ndiye amangothera m'bokosi la kutsogolo. M'rimoti momwemo mumabisalanso kakiyi kachitsulo kotsekulira chitseko. Ndinawauza agule kabatire kenikeni, osati timene timagulitsidwa pakadi padzuwa, totha mwezi usanathe.

Madzulo ake kunabwera ina imene kagetsi ka pabatani sikankasintha ukaponda buleki. Ndinatuma mnyamata uja kumbuyo.

"Akuyaka?"

"Ayi bwana, mbali zonse ziwiri mdima."

Fyuzi ya STOP inali itapsa, ndiye kompyuta sinkadziwa kuti phazi lili pabuleki. Kusintha fyuzi n'kwa mphindi imodzi, koma fyuzi sipsa yokha. Tinapeza waya wa magetsi akumbuyo atasupuka m'buti pamene ankakhulana ndi chitsulo. Ndinamuonetsanso kanjira kamene kali m'mabuku a Toyota ambiri: giya pa P, handibuleki yokoka, batani ulidine kamodzi lifike pa ACC, pamene wailesi imayaka injini isanalire, kenako ulidine osasiya kwa masekondi pafupifupi 15 utaponda buleki. Ikalira motero, wadziwa kale mbali imene vuto lili. Ya bambo a tayi ija tsiku lonselo inkangolira ngati ikutinyoza.

Lachitatu kunabwera mnyamata wa takisi ndi Aqua, akuti ndimuonere sitata. Ndinamupatsa tochi kuti aipeze yekha. Anasuzumira uku ndi uku mpaka anayamba kuseka mwamanyazi. Galimoto za hybrid zamtunduwu, zoyendera mafuta ndi magetsi, zilibe sitata. Injini imazunguzidwa ndi mota yodya moto wa batire lalikulu, koma lalikululo silitsekuka lokha, limadikira kabatire ka mavolti 12 kadzutse makompyuta. Pa Aqua kabatireko kali pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo popeza sikamveka kufooka ngati pa galimoto wamba, eni ake amakaiwala mpaka tsiku limene mawu oti READY akana kuyaka. Kake kanali pa mavolti 10.8. Tinakaika patchaja, magetsi n'kuthima, tinakhala pansi pa mtengo kudya chimanga chokazinga mpaka atayaka. Ndisanamulole kupita ndinamuloza mawaya a mtundu wa lalanje, onyamula moto wamphamvu wa batire lalikulu lija, n'kumuuza kuti aliyense wofuna kuwagwira ndi manja osavala kanthu amulande galimoto.

Lachinayi ndinasintha nzeru. Ndinakumbukira kuti bambo aja anati imakonda kukana masana akamatuluka kukadya, m'mawa ayi. Ife tinkaisunga pamthunzi. Ndinaitulutsa, kuiimika padzuwa, mawindo onse otseka, kuyambira 10 koloko. Itakwana 1 koloko ndinalowamo, m'kati muli ngati uvuni, chiwongolero chosagwirika. Kuponda buleki, kagetsi kobiriwira. Kudina. Zii.

Sindinasangalalepo choncho ndi galimoto yokana kulira.

"Usaigwedeze! Usatseke chitseko mwamphamvu!" ndinakuwa, mnyamata uja n'kudabwa.

Kagetsi kobiriwira kanali katandiuza kale kuti kiyi wamveka ndipo buleki yamveka. Chiwongolero chinali chomasuka. Ndinasuntha giya kupita pa N poganiza kuti mwina swichi ya pagiyabokosi yadyeka mbali ya P, koma panalibe kusintha. Ndinatsekula boneti, kuika chala pa relay ya sitata, kaswichi kotsekulira sitata moto kompyuta ikalamula, mnyamata akudina batani. Relay yamoyo imagunda pachala ngati mtima. Iyi inali duu. Ndinaizula, kuonetsetsa kuti giya ili pa P ndipo handibuleki ndi yokoka, n'kulumikiza mabowo awiri akuluakulu ndi kawaya. Sitata inazungulira mwamphamvu zedi. Ndiye kuti sitata ilibe mlandu, batire lilibe mlandu, mawaya akuluakulu alibe mlandu. Relay ndinaisinthanitsa ndi inzake yofanana nayo, chimodzimodzi. Nditaika mita pa mabowo ang'onoang'ono, pamene pamafika lamulo lochokera kukompyuta, panalibe kanthu.

Apa pamakhala poterera, chifukwa mmisiri wotopa amangoti kompyuta yafa, mwini galimoto n'kukatenga ngongole. Ine ndinagona chagada pansi pa dashibodi, miyendo ili kunja, thukuta likulowa m'maso, kufunafuna waya wotuluka m'kompyuta. Pamenepo moto unkatuluka bwinobwino batani likadinidwa. Uthenga unkanyamuka, koma sunkafika.

Ndinatsatira mtolo wa mawaya ndi zala, mpaka kuseri kwa bokosi la kutsogolo ndinagwira chotupa chofewa, chomata m'manja. Tepi wakuda wokulungidwa ngati chilonda cha pamwendo. Mawaya a kufakitale sakulungidwa choncho. Nditamatula, ndinapeza waya wa lamulo uja atadulidwa pakati, mbali ziwirizo zitalowetsedwa mu ka relay kachilendo, ndipo pambali pake kabokosi kakuda kokhala ndi simu khadi m'kati. Tracker, yolondolera kumene galimoto ili, ya mtundu wotha kuletsa galimoto kulira uli kutali. Amene anaiika sanawotchere ngakhale pamodzi, anangopota mawaya ndi zala. Mkuwa unali utachita dzimbiri lobiriwira, ulimbo wa tepi utasungunuka n'kulowerera pakati pa tingwe. Kukazizira tinkagundana mokwanira kuti moto udutse, kukatentha tinkatayana. Ndinafinya mfundoyo ndi zala, mnyamata anadina, injini inalira. Nditasiya n'kuyesanso, zii. Tinabwereza katatu kuti ndikhutire.

Ndinawaimbira bambo aja. Za tracker sankadziwa chilichonse. Galimotoyo anagula kwa munthu wina konkuno, amene mwina ankaichititsa hayala. Ndinawafunsa kaye ngati pali ngongole kapena inshuwalansi imene inafuna kuti ikhalemo, chifukwa zoterezi suchotsa mwachisawawa. Atatsimikiza kuti palibe, ndinaichotsa, kubwezeretsa waya mmene analili, kuwotcherera ndi mtovu, kuveka kachubu kofota ndi moto. Ntchito yeniyeniyo sinakwane theka la ola.

Lachisanu anabwera kudzaitenga. Ndinawaikira kabokosi kaja m'manja pamodzi ndi tepi wake. Anakatembenuza kangapo.

"Ndiye sitata yanga yakale ija inali yabwino?"

"Ndikukhulupirira choncho, bambo. Ili kuti?"

"Anatsala nayo amene anasintha aja. Anati ndi yakufa."

Sindinayankhe. Tonse timadyera mumsika umodzi, ndipo nanenso zaka za m'mbuyomu ndinagulitsapo munthu batire latsopano pamene vuto linali waya wa nthaka womasuka. Pa mtengo tinakanganako pang'ono. Iwo ankawerenga theka la ola, ine ndinkawerenga masiku anayi. Tinakumana pakati.

Loweruka ndimatseka 12 koloko. Ndikusamba m'manja ndi sopo wa ufa, foni inalira. Bambo omwe aja, mawu ali pamwamba.

"Amisiri, yayambanso! Ndili pa filing'i sitesheni, ndathira mafuta, yakana!"

Mtima unagunda. Ndinayamba kuganiza za mfundo yanga ija.

"Pondani buleki. Kagetsi kasanduka kobiriwira?"

"Ayi. Pakuoneka kiyi."

"Rimoti ili kuti?"

Panadutsa kanthawi ndikungomva akusisita matumba.

"Musanafike pamenepo munatsitsa munthu?"

"Mayi akunyumba, kumsika wa Area 25."

"Potsika, galimoto sinalire kabelu?"

"Inalira. Ndimayesa ndi lamba."

Rimoti inali m'chikwama cha mayi. Injini ikalira kale sizima kiyi akachoka, imangochenjeza, ndipo umayenda bwinobwino mpaka pamene wazimitsa wekha. Ndinawauza apemphe anyamata a pamafuta awathandize kuisuntha pampope, giya aimasule ndi kabatani ka shift lock pafupi ndi ndodo ya giya, ngati chiwongolero sichinadzitseke kale. Kenako aimbire mayi, apeze wa kabaza wodalirika.

"Nanga wakabazayo ndimulipire ndine?" anafunsa.

"Mukambirane ndi mayi, bambo. Ine ndatseka."