Tsiku lomwe ndinasowa vesi

Ine ndinali mmodzi wa anyamata aja oti ukafunsa chilichonse cha Mulungu yankho ali nalo kale m'thumba. Kuphiri kukachezera kupemphera ndinkapita, kusala kudya masiku atatu sinali nkhani, nde mu gulupu yathu ya WhatsApp munthu akangolemba vuto lake ine ndaponya kale vesi, nthawi zina ndisanamalize nkomwe kuwerenga zomwe walembazo.

Kenako kunabwera namondwe uja wa Freddy, Malichi 2023. Mvula masiku angapo osakata, mpaka matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Dziko lonse tinataya anthu oposa 1,000, ena mpaka lero matupi awo sanapezeke. Pa Facebook aliyense anasanduka mneneri, uyu akuti chilango cha machimo, uyo akuti masiku otsiriza. Nanenso ndinalembako zanga, ndikaziona pano manyazi amandigwira.

Tinapita ndi anzanga a kwaya ku kampu ina ya pasukulu kukasiya ufa ndi zovala. Pakhonde la kalasi panakhala mayi wina, ana ake awiri atapita ndi matope. Ndinapepesa, n'kuyamba zija zoti zonse zimachitika ndi cholinga, iwo anangondiyang'ana n'kuti, "Achimwene, wamng'onoyo anali wa zaka zitatu, analakwa chani?" Aaa, pakamwa panauma. Baibulo lili m'manja koma olo vesi imodzi yoti ndingayerekeze kuwawerengera sinabwere. Pambali pawo panali agogo ena a Mvano, sananene kanthu, anangowafunditsa chitenje n'kumawasisita kumsana basi.

Ndikudziwa, mitengo m'phiri muja inatha, anthu anamanga malo otsetsereka chifukwa malo abwino mu Blantyre ndi a andalama. Zimenezo zimandiuza chifukwa chomwe matope anatsikira. Koma zoti bwanji anakokolola nyumba iyi n'kusiya ya aneba yoyandikana nayo, nawonso opemphera chimodzimodzi, kaya.

Patapita masiku ndinawerenganso nkhani ya Yobu, yomwe ndinkaiyesa kuti ndimaidziwa ngati dzina langa. Anzake atatu aja anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku osalankhula kanthu, zinayamba kulakwika atatsegula pakamwa n'kumamufotokozera chomwe Mulungu akuchita, ndipo kumapeto Mulungu anadzudzula iwowo. Chomwe sindinkachiona zaka zonsezi n'choti Yobu mwiniwake sanauzidwe chifukwa chake, anangofunsidwa mafunso, eti anali kuti pomwe maziko a dziko ankaikidwa. Ine ndinkalalikira ngati ndinalipo tsiku limenelo nditagwira fosholo.

Kuphiri ndimapitabe, kungoti mapemphero anga anafupika, nthawi yambiri ndimangokhala pamwala. Anzanga ena akuti ndazilala, mwinatu akunena zoona. Mayi aja sindinakumane nawonso, funso lawo ndili nalobe.