Kadontho kanga kanakagona ku Zóbuè ine ndili pa nyanja

Msonkhano wa pa doko unasankha ine kuti ndipeze njira yolondolera maboti pa foni, pa zifukwa ziwiri zokha: ndinali ndi foni yamakono, ndiponso ndine mwana wa mlongo wake wa kapitawo. Za madzi sindinkadziwa kanthu. Kwathu ndi ku Angónia, kufupi ndi Ulongwe, kumene munthu amakula akudziwa mbatatesi, chimanga ndi ng'ombe, ndipo madzi akuya amene wawaonapo ndi a m'dambo. Malume ndi amene ananditsitsira ku nyanja ya Cahora Bassa, cha ku Chicoa, kuti ndizipukusa winchi pa boti la kapenta.

Chinaitanitsa msonkhanowo ndi boti la anzathu ena limene linafa injini usiku, mphepo n'kulikankhira kutali, anthu n'kuvutika kulifunafuna. Nyanja imeneyi si yosewera nayo. Chitsekereni Zambezi ku Songo mu 1974, madzi anabwerera m'mbuyo mtunda woposa makilomita 200 mpaka ku Zumbo, kumalire ndi Zambia ndi Zimbabwe, ndipo m'mbali mwake ndi makhwawa ndi zisumbu zofanana zokhazokha. Ndiye eni maboti anagwirizana kuti papezeke njira ya pa foni yoti boti lililonse lizioneka pamene lili. "Mphwanga ndi wophunzira," anatero malume. Ine n'kuvomera ndi mutu ngati ndinamvapo za zimenezi.

Ndinagula mamega, n'kukhala pansi pa mlambe pamene netiweki imagwira bwino. Pulogalamu yoyamba kuyesa inali MarineTraffic. Itatseguka ndinaona tizombo tambirimbiri ku Beira, ku Nacala, ku Durban, tina tofiira tina tobiriwira, mayina ake ndi kumene tikupita. Nditakokera mapu kwathu kuno, nyanja yonse inali mbee! Malume anasuzumira n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti ife kulibe?" Ndinawafotokozera kuti imaonetsa zombo zokhala ndi kachipangizo kotchedwa AIS, kamene ife tilibe. Iwo anati chinthu chosamuona munthu wogwira ntchito usiku uliwonse ndi chamwano.

Panali zinanso za anthu a maboti a matanga, oyenda pa nyanja yamchere chifukwa chongosangalala. Amalembamo maulendo awo, kuikamo zithunzi za dzuwa likulowa, kuuzana madoko a chakudya chokoma. Zambiri zinkafuna khadi ya ku banki, pamene ife ndalama zathu zimayenda pa M-Pesa ndi e-Mola. Facebook anaikana onse ndi mawu amodzi, poti kumeneko kuli aliyense, kuphatikizapo amene tili nawo ngongole. Google Maps inkatheka, koma inkafuna kuti munthu akumbukire mawu achinsinsi a Gmail yake, ndipo pa doko lonse zinapezeka kuti mawu amenewo anapita ndi mnyamata wa pa msika amene anawatsegulira mafoniwo.

Tinathera pa WhatsApp, imene aliyense anali nayo kale. Umalowa mu gulu, n'kusankha kugawa malo amene uli, ndipo kadontho kako kamayenda pa mapu iwe ukamayenda. Imakufunsa nthawi: mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Foni payokha imadziwa pamene ili kudzera pa GPS, koma kuti anzako aone pamafunika mamega ndi netiweki. Gulu linatsegulidwa. Munalowa akapitawo onse, eni maboti, kenako akazi athu, poti iwo ndi amene sagona boti likachedwa. Mayi a ana anga ku Ulongwe ndinawalowetsa ndekha, ndi manja angawa, monyadira.

Pali chinthu chimene msonkhano sunachikambe, ngakhale aliyense ankachidziwa. Msodzi wa kapenta sauza mnzake pamene akupha. Kansomba kameneka si kobadwira kuno. Kanachokera ku nyanja ya Tanganyika, anakathira mu Kariba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kenako n'kutsika ndi Zambezi mpaka kwathu kuno. Timakapha ndi kuwala. Mumaima pamalo akuya, kutsitsa ukonde wozungulira, kuyatsa magetsi a jenereta, n'kudikira kuti kasonkhane pansi pa boti, kenako mumazimitsa a pamwamba n'kupukusa winchi. N'chifukwa chake mwezi ukawala kwambiri ntchito imaima, poti kuwala kuli ponseponse. Ndipo mnzako akayatsa ake pafupi nawe, nsomba mwagawana.

Malume anali ndi malo awo kuseri kwa kasumbu kena. Ankawapeza poyang'anitsa mlambe wina ndi nsonga ya phiri dzuwa lisanalowe, ndipo ponyamuka ankayamba alowera kwina kuti asokoneze maso a anthu. Usiku woyamba wa gulu lathu, ine monga katswiri wosankhidwa ndinafuna kupereka chitsanzo. Ndinadina maola 8.

Ukonde woyamba unabwera wolemera bwino. Tikuthira mchere, ndinaona nyali imodzi ikubwera cha kum'mawa. Kenako ina. Pofika pakati pa usiku malo achinsinsi a malume anali ngati msika wa Kwachena ku Tete: magetsi mbali zonse, majenereta kulira, wina mpaka kutsegula wailesi. Kapitawo wina anatiyandikira n'kukuwa kuti, "Zikomo akatswiri! Chinthu chanu chija chikugwira ntchito!" Malume sanayankhule. Anangokhala pa chigubu cha dizilo n'kumandiyang'ana mpaka kucha. Kukalipa kukanakhala bwino.

Kuzimitsa kadontho sikunali kotheka, chifukwa abwana athu, eni boti amene amakhala ku Tete, anali atalamula kuti kazioneka usiku uliwonse. Iwo chinawasangalatsa n'chakuti tsopano ankatha kuona ngati dizilo wawo akupserera pa ntchito. Ndiye ndinaganiza mozama, ndipo nzeru inabwera. Lamulo linati kadontho kazioneka. Silinanene kuti kazioneka pamene pali boti.

Msuweni wanga amathandiza dalaivala pa lole yonyamula matumba a kapenta wouma. Tsiku limenelo ndinamva kuti akupita kukatenga katundu pa doko lina chapafupi, m'mbali mwa nyanja momwemo. Cha m'ma 3 koloko masana ndinadina maola 8, n'kutseka kulira kwa foni, n'kumupatsa. Ndinamuuza kuti aiike m'thumba ndipo asaiyankhe ngakhale itaimba mngelo. Maganizo anga anali akuti anzathu aja athamangire kadontho ku doko linalo, ife tikudya bwino kuseri kwa kasumbu. Malume nditawauza anamwetulira koyamba sabata imeneyo. Chimene msuweni sanandiuze, poti sindinamufunse, n'chakuti akapakira matumbawo lole ikupitirira usiku womwewo mpaka ku Zóbuè, kumalire ndi Malawi.

Tinanyamuka dzuwa likupendeka. Malume, pofuna kubisala kwambiri, anadutsa njira yachidule pafupi ndi gombe. Pansi pa nyanja imeneyi pali nkhalango yonse imene inamira madzi atadzaza, ndipo mitengo ina ikadali chiimire, youma gwa. Tinangomva kuti khoo! Injini inalira mokweza koma boti osasuntha. Pulopela inali itamenya mtengo, kapini kake n'kuthyoka, ndipo kapini kapadera kanali m'bokosi limene tinalisiya pa doko. Boti linakhala pa nthambi, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo. Ukonde sitikanatsitsa, ukanang'ambika.

"Imba foni, mphwanga," anatero malume.

Ndinawakumbutsa mwaulemu kumene kunali foni. Iwo anatulutsa kawo ka mabatani, kamene batire yake amamanga ndi mphira, ndipo kanayaka kamphindi n'kutsanzika. Anzathu awiri a m'botimo mafoni awo anawasiya akutchajidwa pa golosale. Choncho chinthu chenicheni chimene msonkhano unaitanidwira chinatigwera ife, boti la katswiri, kuseri kwa kasumbu kumene tinasankha dala kuti munthu asatione. Usiku wonse mvuu zinkafwenthera pafupi, udzudzu ukutidya, malume akuwerenga mokweza mayina a ana a alongo awo ena amene akanatha kuwatenga m'malo mwa ine.

Kutacha kunabwera mkulu wina pa bwato, Mnyungwe woonjola maukonde ake. Analibe foni ya mtundu uliwonse. Anati anatidziwa chifukwa mawu a malume ankamveka mpaka kutsidya. Ananditenga pa bwato lakelo kukafika kumtunda, ine nditagwira m'mbali ndi manja onse awiri, iye akundilozera ng'ona ngati akundionetsa abale ake. Anandilipiritsa 200 meticais, n'kunena kuti 50 mwa imeneyo ndi ya kunjenjemera kwanga kumene kanatsala pang'ono kugubuduza bwato.

Pa doko palibe amene anatifunafuna. Akanatifuniranji, pamene gulu lonse linationa tikuyenda pa tara?

Foni itabwerako, ikununkha kapenta, ndinakhala pansi n'kumvera mauthenga mwa ndondomeko yake. Oyamba anali a akapitawo anzathu, kuseka kuti boti la malume lamera matayala. Kadontho katadutsa Chitima kulunjika ku Tete, abwana analemba kuti, "Mukubwera kuno? Kodi kwagwanji?" Katawoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende, umene malole akuluakulu amadutsa chiutsegulireni mu 2014, osaima pakhomo pawo, mawu awo anasintha. Anafunsa kuti jenereta ili kuti. Katadutsa Moatize anafunsa za injini. Kenako anauza gulu lonse kuti iwo anadziwa kale kuti anyamata a kumapiri ndi otero, ndipo atumiza munthu kumalire katundu wawo asanawoloke.

Koma mauthenga a mayi a ana ndi amene ndimawamverabe ndikafuna kudzichepetsa. Woyamba unali wa chimwemwe: "Abambo ake, bwanji osanena kuti mukubwera? Ndakuonani mwadutsa Moatize!" Wachiwiri, kumbuyo kukumveka phokoso la ana akuthamangitsa chinthu: "Tagwira tambala wofiira uja." Wachitatu unandidziwitsa kuti apongozi afika, madzi osamba ali pamoto, ndipo ana akana kugona.

Amene amaidziwa njira imeneyi akudziwa kuti pa Mussacama pali mphambano. Wopita ku Angónia amakhota pamenepo. Wopita ku Zóbuè amapitirira. Banja lonse linali litazungulira foni, kuyang'ana kadontho kakuyandikira mphambanoyo. Kanafika. Kanapitirira.

Uthenga wachinayi unali waufupi: "Mwaphonya njira." Wachisanu: "Abambo ake, mwaphonya njira kapena njira mukuidziwa bwino?" Kadontho kanafika pa Zóbuè n'kuima. Mwatsoka dalaivala anaimika lole pafupi ndi nyumba ina yogona alendo, ndipo dzina lake linkaoneka bwinobwino pa mapu. Kanakhala pomwepo osasuntha mpaka 11 koloko usiku, maola 8 n'kutha, n'kuzima. Kunena zoona, ngakhale ine ndikanakhala woweruza ndikanadzimanga. Uthenga wachisanu ndi chimodzi unali wa mphindi 9, ndipo sindingaulembe pano poti ana amawerenga. Womaliza unali wa apongozi aakazi, amene chikwatirireni anali asanandiyankhulepo maso ndi maso. Anangoti, "Tambala tadya."

Za abwana zinatha msanga, chifukwa boti linali pomwepo pa mtengo, injini ndi jenereta zili momwemo. Anandidula malipiro a usiku umene sitinaphe kanthu, kuwonjezapo thiransipoti ya munthu amene anamutuma ku Zóbuè, amene anakapeza msuweni wanga ali mtulo pamwamba pa matumba. Gulu linakhazikitsa lamulo latsopano lakuti kadontho kaziyatsidwa pokhapokha boti likavutika, ndipo ukatswiri anaupereka kwa mnyamata wina wa zaka zochepa kuposa ine.

Mlandu weniweni unali ku Ulongwe. Ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, ndi tambala wogula, msuweni ngati mboni, ndi kapini kothyoka kaja m'thumba la shati. Ankhoswe anakhala pa mphasa. Msuweni, amene ndinamudalira, atafunsidwa ngati ndinali naye ku Zóbuè anayankha kuti iye anagona tulo ndipo sangalumbire za zimene zinachitika iye ali mtulo. Chinandipulumutsa ndi fungo. Mayi a ana ananunkhiza foniyo, n'kuipereka kwa ankhoswe, nawonso n'kununkhiza, ndipo onse anagwirizana kuti foni imene yagona m'nyumba ya alendo singanunkhe chonchi. Zidzolo za udzudzu kumaso kwanga zinawerengedwanso ngati umboni. Anandigamula kuti ndinalakwa kupusitsa banja, ndilipire tambala wachiwiri, poti amene ndinabwera nayeyo anali wolowa m'malo mwa wofiira uja chabe.

Anthu akubalalika, apongozi aamuna anandikodola kuseri kwa nkhokwe. Ndinapita mawondo akugundana, ndikudziwa kuti tsopano ndiye kwatsala mawu akulu. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa foni yatsopano imene mwana wawo wa ku Johannesburg anawatumizira.

"Akamwini," ananong'ona, "amayi anuwa aphunzira zoona kadontho, ndipo akuti Lamlungu lililonse ndizikayatsa. Tandiuzani bwinobwino. Foni imeneyi nditampatsira mdzukulu apite nayo ku tchalitchi, ine nditadutsa pang'ono pa mowa wa kwa anzanga kutsidyaku, maola aja ndidine angati?"